S ya pa thumba la chitowe ndi nkhondo ya mizere: mbiri ya nthaka yathu

Mwezi wa October ukangofika nkhani imakhala imodzi m'maminibasi, pa chigayo ndi m'magulu a WhatsApp: thumba la feteleza lafika pa zingati? Tili m'tauni inde, koma ndiuzeni nyumba ya ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa kapena Machinjiri imene ilibe kamunda penapake. Wina ali nako kuseri kwa bafa, wina m'mbali mwa phiri, wina kumudzi ku Chiradzulu kapena ku Thyolo komwe amatumiza ndalama ya aganyu. Ndipo onsewa mukawafunsa chifukwa chimene sangadzalire chimanga popanda feteleza, yankho ndi lomwelija: nthaka inaguga.

Mawu amenewa si alero. Akhala akumveka m'dera lino kwa zaka zoposa 100, ndipo m'badwo uliwonse wa akuluakulu a boma umabwera ndi mankhwala ake. Ena mwa mankhwalawo anachiritsadi, ena anapititsa agogo athu kundende. Chimene ndaona powerenga mbiriyi n'chakuti pamene akatswiri anagwada n'kufufuza chimene nthaka ya malo akutiakuti ikusowa, zinthu zinayenda. Pamene anangolamula chinthu chimodzi kuchokera ku Zomba kapena ku Lilongwe kuti dziko lonse lichite chimodzimodzi, zinavuta.

Tiyambire pa thumba lenilenilo. Feteleza wokulitsa amene tinakula tikumutcha chitowe ankalembedwa 23:21:0+4S. Amene tinatenga Agriculture ku sekondale tinaloweza kuti nambala yoyamba ndi nayitrojeni wa masamba, yachiwiri ndi fosiforasi wa mizu, yachitatu ndi potaziyamu, amene m'thumba limenelo munalibe. Nanga S yakumapetoyo? Imeneyo ndi salifa, ndipo mbiri yake inayambira pafupi pompano, m'minda ya tiyi ya ku Mulanje.

Tiyi anayamba kudzalidwa ku Mulanje cha m'ma 1891, ndi mbewu zochokera ku mishoni ya Blantyre. Pofika m'ma 1920 eni esiteti anali pa chipsinjo ndi matenda amene sankawamvetsa. Masamba a tiyi ankachita chikasu, n'kumatuluka ang'onoang'ono, nthambi n'kumauma kuchokera kunsonga mpaka chitsamba chonse kufa. Aliyense ankaganiza kuti pali kachilombo kapena chiwawu china chake. Akatswiri awiri, H. H. Storey amene ankagwira ntchito ku Amani m'dziko la Tanganyika ndi R. Leach wa boma la Nyasaland, anaufufuza mpaka pansi. Anayesa kuthira michere yosiyanasiyana pa tchire zodwalazo, ndipo zimene zinalandira mchere wokhala ndi salifa zinabiriwiranso. Mu 1933 anasindikiza zotsatira zake: panalibe kachilombo ayi, tiyiyo anali ndi njala ya salifa basi.

Lero zikuoneka zazing'ono, koma nthawi imeneyo zinali zodabwitsa. Ku Ulaya alimi sankaganizako za salifa chifukwa ankawagwera ulere kuchokera mu utsi wa malasha a m'mafakitale, komanso feteleza amene ankathira anali naye kale. Mabuku a zaulimi analembedwa ndi anthu a kumeneko. Kuno kunalibe utsi wotero, mvula ya ku Mulanje ndi yambiri ndipo imatsukira michere pansi, kenako moto wa chaka ndi chaka umauluza salifa ndi nayitrojeni amene ali mu udzu ndi m'mapesi. Inde, moto womwe uja wosakira mbewa. Pambuyo pake zinadziwika kuti chimanga nachonso chimavutika ndi njala yomweyo m'madera ambiri a dziko lino, n'chifukwa chake S inalowa pa thumba. M'zaka zaposachedwapa thumbalo linasinthanso kukhala 23:10:5+6S+1.0Zn, atapeza kuti potaziyamu ndi zinki nazonso zikuperewera m'minda yambiri.

Katswiri wa ku Germany Justus von Liebig, amene buku lake lotchuka linatuluka mu 1840, ndiye anafalitsa mfundo yakuti mbewu imakula molingana ndi mchere umene wachepa kwambiri, osati umene wachuluka. Zili ngati mafuwa atatu: limodzi likafupika, mphika umapendama ngakhale awiri enawo ali bwinobwino. Munda wosowa salifa, thirani yuriya mmene mungathere, chimanga chidzakhalabe chachikasu.

Nkhani ya tiyi inatha bwino chifukwa eni tiyi anali ndi ndalama ndiponso khutu la boma. Ya alimi wamba inayenda njira ina, ndipo kuti timvetse tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono.

David Livingstone atadutsa m'mapiri a kuno mu 1859 anapeza Amang'anja akulima mapira, chimanga, nyemba, mtedza, maungu ndi thonje, ndipo anachita chidwi ndi luso lawo. Analemba za mmene ankaunjikira udzu, kuukwirira ndi dothi n'kuutentha pang'onopang'ono, kenako n'kufalitsa phulusa ndi dothi lopsalo m'munda. Makolo athu ankalimanso pa matutu: udzu ndi zinyalala ankazikwirira m'kati mwa mulu wa dothi, zikamawola zimasanduka manyowa, pamwamba pake n'kudzala mbewu zingapo pamodzi. Munda ukatopa ankausiya tsala kwa zaka, tchire n'kumera, nthaka n'kubwerera. Ankadziwanso kusiyanitsa dothi popanda labotale. Katondo, dothi lofiira lija, makande, lakuda lomata limene limang'ambika m'chilimwe, mchenga, dothi la kudambo la madimba. Dothi lililonse linali ndi mbewu yake ndi nthawi yake.

Ulimi umenewu unkadalira chinthu chimodzi: malo okwanira oti munda wina uzipuma. Malowo ndi amene anatha. Kuyambira 1892 Harry Johnston anayamba kupereka zikalata za umwini wa malo kwa azungu monga John Buchanan ndi Eugene Sharrer, ndipo gawo lalikulu la nthaka yabwino ya m'maboma a Blantyre, Thyolo, Chiradzulu, Zomba ndi Mulanje linakhala maesiteti. Anthu anatsala ndi zisankho ziwiri, kukhala pa esiteti n'kumagwira thangata, kapena kupanikizana pa malo otsalawo, amene nthawi zambiri anali otsetsereka. Nthawi yomweyo abale athu Alomwe ankalowa ambirimbiri kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Anthu kuchuluka, malo kuchepa, tsala linatha. Munda womwewo, chimanga chomwecho, chaka ndi chaka.

Chosekesa n'chakuti oyamba kugugitsa nthaka mowonekera m'dera lino anali azungu omwewo. Khofi anafika ku mishoni ya Blantyre mu 1878 kuchokera ku Edinburgh, ndipo m'ma 1890 ndiye anali chuma cha dziko, mpaka mtengo wa khofi unajambulidwa pa chizindikiro cha boma. Anagwetsa nkhalango, kudzala khofi pamtetete popanda mthunzi kapena manyowa okwanira, kukolola zaka zingapo. Atangodutsa 1900 zonse zinagwa: mitengo pa msika wa kunja inatsika chifukwa cha khofi wa ku Brazil, kunabwera chilala ndi tizilombo, nthaka nayo inali itafooka. Nkhani imeneyi akuluakulu a boma sankaikumbukira kwenikweni pamene anayamba kuloza chala mlimi wa khasu.

M'ma 1930 dziko la America linaona fumbi loopsa, mphepo ikunyamula dothi la m'minda yonse ya m'zigwa zawo. Mantha a kukokoloka kwa nthaka anafalikira m'maiko onse olamulidwa ndi Britain. Kuno katswiri wa boma A. J. W. Hornby analemba za vutoli, ndipo mu 1937 Paul Topham anapatsidwa udindo woyang'anira za kukokoloka kwa nthaka. Iwo anaona kuti madzi a mvula amathamanga pakati pa matutu n'kukumba ngalande, ndiye anati mankhwala ake ndi mizere yopingasa chitunda, milambala ndi migula. Poyamba zinali zongolangiza. Mu 1946 panakhazikitsidwa lamulo la zachilengedwe limene linapatsa boma mphamvu zokakamiza.

Kenako kunabwera njala ya 1949. Mvula inadula kumapeto kwa 1948 ndi kumayambiriro kwa 1949, ndipo boma la Blantyre lomwe lino, makamaka cha ku Lunzu ndi Lirangwe, ndi limodzi mwa madera amene anavutika koopsa. Akuluakulu a zaulimi anati njalayo ndi umboni wakuti anthu achuluka, nthaka yatha, ndipo alimi sakudziwa kulima. Wolemba mbiri Megan Vaughan, m'buku lake la 1987 lonena za njala imeneyi, anacheza ndi amayi a m'midzi ya Blantyre n'kuonetsa kuti nkhani inali yoposa pamenepo: amene anafa ndi njala anali makamaka amene analibe ndalama kapena wowathandiza, amayi osiyidwa ndi amuna, okalamba ndi ana, ndipo kayendetsedwe ka misika ndi kagawidwe ka chakudya kanali ndi mbali yake. Koma Bwanamkubwa Geoffrey Colby, amene analamula kuyambira 1948 mpaka 1956, pamodzi ndi mkulu wa zaulimi Richard Kettlewell, anatsimikiza kuti njala isabwerenso, ndipo njira yawo inali chikwapu cha lamulo.

Apa ndi pamene mawu akuti malimidwe anasanduka mawu owawa. Matutu analetsedwa. Aliyense alime mizere, ikhale itatha tsiku lakutilakuti mvula isanagwe, akumbe milambala, asalime m'mphepete mwa mtsinje, azule mapesi a thonje ndi fodya pa nthawi yoikika. Akapitawo ankayendera minda, ndipo wopezeka wolakwa ankatengeredwa ku bwalo la mfumu kukalipira chindapusa kapena kukalowa ndende. Nthawi zina mbewu zodzalidwa pa matutu ankazizula. Taganizani kukumba mlambala mu katondo wouma gwa mwezi wa September, ndi khasu, m'mimba muli pepuu. Ndipo m'midzi yambiri amuna anali ku Joni kapena ku Salisbury, ndiye ntchito yonseyo inagwera amayi.

Ine pano sindikunena kuti mizere ndi yoipa. Pa malo otsetsereka ngati athu ano, mzere wopingasa bwino umagwira madzi ndi dothi, zimenezo n'zoona. Vuto linali kulamula chinthu chimodzi ponseponse. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene malo ambiri ndi athyathyathya ndipo dzuwa limaotcha, alimi ankadziwa kuti mzere umaumitsa dothi msanga n'kupsereza mbewu. Anakana, ndipo kukanako kumakumbukiridwa ndi dzina lakuti nkhondo ya mitumbira, imene wolemba mbiri Elias Mandala anaifotokoza. Komanso ngakhale kumapiri kuno, mlambala wosalunjika bwino umasonkhanitsa madzi malo amodzi, ukaphulika n'kukumba chigwembe choposa chimene chikanakhalapo. Ndipo funso lalikulu, lakuti n'chifukwa chiyani anthu akulima m'mapiri pamene maesiteti ali ndi malo ongokhala, linkayankhidwa mwaulesi.

Chaka cha 1953, pamene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinkakhazikitsidwa anthu asakufuna, mkwiyo wa malimidwe unaphatikizana ndi wa ndale. Inkosi Gomani ya ku Ntcheu inauza anthu ake kuti asamvere malamulo a zaulimi, boma n'kuichotsa pa mpando. Mwezi wa August zipolowe zinabuka ku Thyolo n'kufalikira madera ena a kummwera, ndipo anthu 11 anaphedwa. Nyasaland African Congress inapeza kuti palibe nkhani imene inkafika pamtima pa munthu wa kumudzi kuposa ya mizere. Pa mayeso a History timalemba za Chitaganya ndi State of Emergency ya 1959, koma kwa agogo ambiri ufulu unkatanthauza kuti kapitawo asiye kubwera m'munda mwawo ndi chingwe choyezera.

Dr Kamuzu Banda atakhala nduna ya zachilengedwe mu 1961, kukakamiza kuja kunathetsedwa. Ndiye chinachitika n'chiyani? Anthu sanabwerere ku matutu. M'zaka zotsatira, alangizi akungolangiza popanda ndende, mizere inafalikira mpaka lero mwana wobadwira ku Bangwe amaganiza kuti chimanga chinalengedwa pamodzi ndi mzere. Chimene anthu anachikana ndi magazi anadzachilandira okha chikwapu chitachoka. Koma nkhani sinathere pomwepo. Akatswiri a masiku ano apeza kuti kugumula mizere ndi kuunga ina chaka chilichonse, khasu likulekeza pa mlingo womwewo, kumapanga dothi lolimba pansi limene mizu ndi madzi zimalephera kuboola. N'chifukwa chake mukumva za ulimi wa mtayakhasu, wophimbira nthaka ndi mapesi osaitembenuza. Agogo anamangidwa chifukwa chosalima mizere, mdzukulu akuuzidwa kuti mizere aisiye. Eti.

Mbali ina imene atsamunda anasiya, ndipo iyi ndi yabwino, ndi malo a kafukufuku. Bvumbwe, pa msewu wa ku Thyolo, ndi Chitedze ku Lilongwe zinakhazikitsidwa m'ma 1940. Anthony Young ndi Peter Brown anayenda dziko kukumba maenje ndi kujambula mapu a nthaka, n'kutulutsa la chigawo cha kumpoto mu 1962 ndi la pakati mu 1965. Kafukufuku wotere ndi amene anatifotokozera chifukwa chimene katondo alili wofiira, kuti ndi chitsulo chochita dzimbiri m'dothi lakalekale limene mvula yalitsuka kwa zaka zosawerengeka. M'madera a mvula yambiri ngati Mulanje ndi Thyolo dothi lotere limakhala ndi asidi wochuluka, ndipo chitsulo ndi aluminiyamu zimagwira fosiforasi mwamphamvu moti mbewu imalephera kumuyamwa. Mphamvu yeniyeni ya dothi lotere ili pa kachigawo kakuda ka pamwamba, kamene kali ndi zowolerana. Kakachoka ako, chatsala ndi dothi loumbira njerwa.

Ngakhale mapuwo analipo, nthawi ya feteleza itafika boma linabwerezanso chizolowezi chija cha mankhwala amodzi. Mu ulamuliro wa Kamuzu, ndi makalabu a ngongole, ADMARC ndi achikumbe, mlimi wa chimanga cha haibulidi ankauzidwa mlingo umodzi dziko lonse, kaya ali ku Chitipa kaya ku Nsanje: makilogalamu 96 a nayitrojeni ndi 40 a fosiforasi pa hekitala. Pakati pa zaka za m'ma 1990 ngongole zija zinagwa, sabuside inachotsedwa, kwacha inatsika, ndipo mlingo umenewo unakhala loto kwa mlimi wamba.

Pamenepo panachitika kafukufuku amene ine ndimamuona ngati wofunika kwambiri m'mbiri yonseyi, ngakhale sitimuphunzira kusukulu. M'nyengo ya 1995/96 unduna wa zamalimidwe unagwiritsa ntchito alangizi ake kuyesa feteleza m'minda ya alimi enieni pa malo oposa 1,500 m'dziko lonse. Pa malo aliwonse ankagawa munda m'zigawo 6, kuyambira chosathira kalikonse mpaka cha mlingo wakale uja. Todd Benson ndi anzake atasanthula zotsatira anatulutsa malangizo a dera ndi dera. Zinaoneka kuti mlingo wakalewo, umene unalibe ndi salifa yemwe, sunali wopindulitsa m'malo ambiri, kuti madera ena feteleza wochepa ndiye amabweza ndalama bwino, ndiponso kuti yankho limasintha ngati chimangacho n'chodya pakhomo kapena chogulitsa. Mlingo waukulu umene alangizi ambiri amatchula lero, matumba awiri a chitowe ndi atatu a yuriya pa hekitala, umapereka makilogalamu 92 a nayitrojeni. Werengani nokha: thumba la yuriya la makilogalamu 50 lili ndi nayitrojeni 23, atatu ndi 69, kuphatikiza 23 wa m'matumba awiri a chitowe aja.

Malangizo a dera ndi dera analembedwa, koma ndale zimakonda chinthu chosavuta kugawa. Starter Pack inabwera mu 1998. Mu 2005 Bingu wa Mutharika anayambitsa makuponi, thumba limodzi wokulitsa, limodzi wobereketsa. Mu 2020 inabwera AIP, thumba pa K4,495, ndipo pofika 2022 linali pa K15,000. Makuponi anadyetsa anthu, zimenezo sitingakane, ndipo ambiri a ife tinakulira nsima yake. Koma matumba ndi omwewo kwa wa pa makande ndi wa pa mchenga. Ndipo nayitrojeni yense wa m'matumbawa timagula kunja, amadzera ku Beira ndi ku Nacala, amalipiridwa ndi madola. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022 mitengo inakwera, kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May chaka chomwecho ndi 44 peresenti mu November 2023. Kamunda ka mayi wa ku Zingwangwa kanamva kuwawa kwa zinthu zochitika kutsidya la nyanja.

Palinso china chimene thumba silinena. Feteleza amagwira bwino ntchito pa dothi limene lili ndi zowolerana, chifukwa ndi zimene zimasunga madzi ndi michere kuti zisatsukike. Pa dothi loguga, lodzaza kaufiti, gawo lalikulu la yuriya limangopita ndi madzi kapena kuuluka. Ndiye munthu amathira thumba lomwelo chaka chino n'kukolola zochepa kuposa chaka chatha, n'kumati feteleza wa masiku ano ndi wachinyengo. Nthawi zina ndi wachinyengodi, mavenda ena amasakaniza mchenga, koma kawirikawiri vuto lili pansi.

Ku Makoka, pa msewu wa ku Zomba, akatswiri a bungwe la ICRAF pamodzi ndi a boma anayamba mu 1991 kudzala chimanga pakati pa mitengo ya gliricidia, kumaidulira n'kukwirira masamba ake m'mizere. Zaka ziwiri zitatu zoyamba kusiyana kunali kochepa, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi. Pambuyo pake chigawo cha mitengocho, popanda feteleza, chinkakolola kuwirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi chimanga chopanda kanthu, ndipo akathirako feteleza pang'ono zinkaposa apo. Chinsinsi chake ndi tinthu totupa ta ku mizu ya mbewu za m'gulu la nyemba, mmene mumakhala tizilombo tabwino totenga nayitrojeni mumpweya. Nsangu, ombwe, jerejere, mtedza, soya, zonsezi zimatero. Ndipo nandolo! Amayi a ku Chiradzulu, Thyolo, Mulanje ndi Blantyre akhala akudzala nandolo m'chimanga kuyambira kalekale popanda wowauza. Mizu yake imapita pansi kuboola dothi lolimba lija, masamba ake amayoyokera m'munda, ndiwo mumapeza, nkhuni mumapezanso. Kafukufuku wa Sieglinde Snapp ndi akatswiri a kuno, woyesa m'minda ya alimi kuyambira m'ma 1990, anatsimikiza phindu lodzala nandolo pamodzi ndi mtedza chaka chimodzi, chimanga n'kutsatira chaka chinacho. Tsoka lake msika: India itachepetsa nandolo wogula kunja mu 2017, mtengo unagwa ndipo alimi ambiri anataya mtima.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Ulimi wa m'tauni uli ndi vuto limene mabuku a Makoka sanalikonzere: malo si athu. Munthu wobwereka kamunda m'phiri, amene sadziwa ngati chaka chamawa pamalopo padzakhala maziko a nyumba ya wina, sangadzale gliricidia n'kudikira zaka zitatu. Amafuna zimene zibereke chaka chomwecho, ndiye amathira yuriya n'kumapita. Ndi nkhani yomwe ija ya 1892, ya malo, yangovala malaya ena.

Phiri la Ndirande akuluakulu amati linali lakuda ndi mitengo ya paini ndi yachilengedwe. M'ma 1990 linametedwa mpala, minda n'kukwera mpaka pamwamba. Soche, Bangwe ndi Mpingwe zatsatira njira yomweyo, ndipo Michiru ku Chilomoni ikulimbana ndi amakala. Mvula yoyamba ikagwa yang'anani mtundu wa madzi a mu Nasolo, Mudi kapena Naperi: kufiira kuja ndi minda ya anthu ikupita ku Shire. Kafukufuku wa boma ndi mabungwe a United Nations anapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse pa chaka. Mu matumba a makilogalamu 50 amenewo ndi matumba 580, pa malo amene tikulimbana kuti tithirepo matumba asanu a feteleza. Ndipo dothi limene limayamba kuchoka ndi lakuda la pamwamba lija.

Za March 2023 sindikufuna kunena zambiri, chifukwa ena mwa owerenga anataya abale ku Chilobwe, ku Manja ndi m'munsi mwa Soche. Mvula ya Freddy inali yoposa muyeso, ndipo ngakhale mapiri okhala ndi mitengo anagumuka m'madera ena, choncho kunena kuti olima m'phiri ndiwo anapha anthu ndi bodza lofanana ndi la akuluakulu a 1949. Koma n'zoonanso kuti phiri lopanda mizu silichedwa kumasuka. Zitachitika zimenezo mawu akuti boma ligwiritse ntchito mphamvu, lichotse anthu m'mapiri, limange olima m'mphepete mwa mitsinje, anamvekanso kwambiri. Amene akunena zimenezo awerengeko za malimidwe. Lamulo likhoza kukhala lolondola pa sayansi, koma ngati silikunena kumene munthuyo akalime ndi chimene akadye, lidzatha ngati mmene anathera malamulo a Colby.

Chimene tili nacho ife a m'tauni, chimene wa kumudzi alibe chochuluka, ndi zinyalala. Madeya a pa chigayo, zitosi za nkhuku za m'makola a anthu, phulusa la mbaula, masamba a kabichi ndi makoko a nthochi za mu msika wa Ndirande ndi wa Limbe zimene zimangotengedwa kukatayidwa ku Mzedi. Yonseyo ndi michere imene inachoka m'minda ya ku Thyolo ndi ku Ntcheu n'kubwera m'tauni pa lole. Manyowa a mbeya amene atchuka zaka zino, osakaniza feteleza pang'ono ndi madeya, phulusa ndi ndowe n'kuzisunga m'thumba masabata atatu, ndi nzeru yochokera pamenepo. Tisanamizane kuti thumba limodzi la feteleza limasanduka matumba asanu a mphamvu yofanana, nayitrojeni sabereka ana m'thumba. Chimene mbeya amachita n'kubwezera zowolerana m'dothi kuti feteleza wochepayo asapite pachabe, ndipo mphamvu yake imadalira ndowe imene mwaikamo: ya nkhuku imaposa ya ng'ombe.

Labotale yoyeza dothi ilipo ku Bvumbwe, ulendo wa minibasi imodzi kuchokera ku Limbe. Dothi lokayezetsa satapa malo amodzi: mumakumba malo angapo m'munda mozungulirazungulira, kuya kwa khasu limodzi, kupewa pa chulu ndi pamene panatenthedwa zinyalala, n'kusakaniza zonse, kuyanika pa mthunzi, n'kutengako pang'ono m'pepala la pulasitiki loyera lolembedwa dzina la malo. Dothi la kumtunda kwa munda ndi la kumunsi liikidwe padera, chifukwa pa chitunda ngati cha ku Bangwe awiriwo akhoza kusiyana ngati minda ya m'maboma awiri.